Wailesi yomverapo machenjezo a nyengo ndi power bank: mmene mungazilumikizire popanda ngozi

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku angapo osakata ku Blantyre, magetsi anathima ndipo netiweki ya foni inkangobwera n'kuchoka. Chimene chinkatiuza za kunja kwa mpanda wathu chinali kawailesi kakang'ono kotchaja ndi chingwe cha foni. Batire la mkati mwake linali litatopa kalekale, ndiye ndinakalumikiza ku power bank n'kukaika pawindo. Kanayankhula bwinobwino, kenaka zii. Ndikadina batani la power bank kankayambanso, mphindi isanathe n'komwe zii. Usiku wonse chala chinali pa batani, khutu lili pa wailesi, kumvetsera za ku Soche ndi Chilobwe kumene matope ndi miyala zinatsika phiri n'kukokolola nyumba za anthu. Power bank inali yodzadza, chingwe chinali chatsopano, wailesi inkagwira siteshoni bwino lomwe. Koma zitatuzi sizinkamvana.

Kuchokera tsiku limenelo ndinaifatsira nkhaniyi, ndipo ndaona kuti anthu ambiri amaiona ngati yosafuna kuganizira: kubaya chingwe basi. Chonsecho namondwe amene amafuna kuti mumve chenjezo ndi yemweyo amene amakulandani magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa miyezi yambiri. Nsanja za foni nazonso zimadalira magetsi ndi mafuta a jenereta, ndipo misewu ikaduka mafutawo safika. Wailesi ndiyo imapirira. Nyumba youlutsira mawu imodzi imafika maboma angapo, kawailesi kamodzi kamakwanira banja lonse ndi oyandikana nawo, ndipo kamadya moto wochepa kwambiri. Akatswiri a zanyengo a pa chilumba cha La Réunion amatsata anamondwe a m'nyanja ya Indian kudakali masiku angapo, nthambi yathu yoona zanyengo imatulutsa machenjezo, a DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amauza anthu kothawira, ndipo zonsezi zimafika kumudzi kudzera pa MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi a m'madera monga Mzati ku Mulanje. Ngati kawailesi kazima pakati pa usiku, ntchito yonseyi yathera panjira.

Wailesi yochokera ku America

Tiyambe ndi dzina, chifukwa limasokoneza. Ku United States, akamati wailesi ya zanyengo amanena chipangizo chapadera chomvera nyumba zoulutsira mawu za bungwe la boma la NOAA. Nyumbazi zilipo zoposa 1,000 ndipo sizinena china chilichonse usana ndi usiku koma nyengo ndi machenjezo, pa malo asanu ndi awiri okha kuyambira 162.400 mpaka 162.550 MHz. Wailesi yoteroyo imakhala chete ngati yazima, chonsecho ikumvetsera. Kukatumizidwa kulira kwapadera kwa 1050 Hz, kapena chizindikiro cha SAME cholozera dera lanu, imadzuka yokha n'kulira mokweza mpaka kudzutsa ogona.

Kuno kwathu kulibe nyumba zoulutsira mawu zoterozo. Achibale a ku America akakutumizirani wailesi yolembedwa NOAA kapena WB, batani limenelo lingokupatsani phokoso la shiii. Musaitaye ayi, chifukwa zambiri mwa izo zili ndi FM ndi AM, tochi, chogudumuza ndi dzanja ndi kasola pamwamba, ndipo n'zolimba. Kungoti dziwani kuti siidzakudzutsani yokha. Kwa ife wailesi ya zanyengo ndi wailesi wamba ya FM imene munthu waitsegula n'kumamvetsera, makamaka pa nthawi ya nkhani. Muonenso ngati ikugwira masiteshoni athu onse: zina zopangidwira msika wa ku America zimangoima pa 88.1, 88.3, 88.5, n'kulumpha manambala apakati, ndipo pa AM zimadumpha 10 kHz pomwe kuno ku Africa timadumpha 9.

Chinanso ndi tchaja yake. Magetsi a ku America ndi 120V, athu ndi 230V. Tchaja ikalembedwa 100–240V ili bwino, ingofuna kolowetsera m'soketi zathu za mano atatu. Ikalembedwa 120V yokha, musayese n'komwe. Ipsa nthawi yomweyo, mwinanso pamodzi ndi wailesiyo.

Werengani zolemba zing'onozing'ono

Power bank iliyonse imatulutsa 5V pa kabowo ka USB. Ichi ndi chinthu choyamba kuchisunga m'mutu. Tembenuzani wailesi, yang'anani pambali pa kabowo kolowera moto kapena pansi pake. Pakalembedwa DC 5V, zikugwirizana. Pakalembedwa 3V, 4.5V, 6V, 9V kapena 12V, imani kaye.

Volt ili ngati mphamvu imene madzi akukankhira m'paipi, ndipo ampere ili ngati kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Wailesi imatunga ma ampere amene ikufuna okha basi, kotero power bank yolembedwa 2A kapena 3A singaotche kawailesi kofuna 0.5A. Koma ma volt sisankha, imalandira amene mwaipatsa. Kawailesi ka mabatire awiri a AA ndi ka 3V. Anyamata ena amadula chingwe cha USB, n'kusenda waya wofiira ndi wakuda, n'kumangirira pa tizitsulo ta mabatire. Kamayankhuladi, mwinanso mokweza kuposa kale, kenaka kanunkha. Wailesi ya 9V nayo ikapatsidwa 5V mwina siyaka n'komwe, mwina imayaka koma osagwira bwino, ndipo yachiwiriyi ndi yoopsa chifukwa mumaganiza kuti zonse zili bwino.

Mawailesi ambiri okhala patebulo ali ndi kabowo kozungulira kokhala ndi kamsomali pakati. Pamenepa pali zofunika ziwiri: ma volt, ndi mbali imene kuli + ndi –. Pafupi ndi kabowoko pamakhala kachithunzi ka kadontho kozunguliridwa ndi theka la mkombero, kosonyeza ngati + ili pakati kapena kunja. Zambiri + imakhala pakati, koma si zonse, ndipo kutembenuza kumapha wailesi kamodzi n'kamodzi. Zilipo zingwe zogulitsa zimene zimakweza 5V ya power bank kufika 9V kapena 12V. Zimagwira ntchito ngati ma volt, kukula kwa mutu ndi + zikugwirizana ndi wailesiyo. Chingwe choterocho chimangeni tepi yofiira kapena kansalu kuti mwana asadzachibaye pa chinthu china mumdima.

Ambiri amaopa ma power bank otchaja mwachangu, olembedwa QC kapena PD, amene amafika 9V, 12V, ena mpaka 20V. Apa mtima ukhale m'malo. Power bank yopangidwa bwino imayamba ndi 5V, ndipo imakweza pokhapokha chipangizo chikapempha chokha kudzera m'chingwe. Kawailesi wamba sikadziwa kupempha, ndiye kamalandira 5V. Vuto lake limakhala lina: mawailesi ena otchipa ali ndi kabowo ka USB-C koma mkati mulibe tizipangizo touza power bank kuti pali chofuna moto. Mukalumikiza ndi chingwe cha USB-C mbali zonse, palibe chichitika. Gwiritsani chingwe cha mutu waukulu wakale mbali ya power bank, ndipo itchaja.

Mabatire wamba otaya akatha satchajidwa mwanjira iliyonse. Amatha kuchucha kapena kuphulika. Ngati wailesi yanu ndi ya AA yokha, njira yabwino ndi kugula mabatire otchaja a NiMH ndi katchaja kawo ka USB, n'kumawadzadza kuchokera ku power bank. Amatulutsa 1.2V m'malo mwa 1.5V, koma mawailesi ambiri sadandaula nazo.

Chifukwa chake inkazima yokha

Tibwerere ku usiku uja. Power bank inapangidwira foni. Foni ikamatchaja imatunga moto wambiri, ikadzadza imangonyambita pang'ono. Power bank ikaona kuti moto wotuluka wachepa kwambiri imaganiza kuti foni yakhuta, ndipo imadzitseka kuti isataye mphamvu. Malire ake amasiyana, koma pa zambiri amakhala pakati pa 50 ndi 100 mA (mA 1,000 ndiyo ampere imodzi). Kawailesi kotsitsidwa voliyumu kamadya moto wofanana ndi umenewo kapena wocheperapo. Power bank yanga inkaona kawailesi kaja ngati foni yokhuta.

Ili ndiye vuto limene limandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa silionetsa chizindikiro. Palibe utsi, palibe fungo. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene wasiya wailesi ikuyankhula chapansipansi kuti amve ngati Shire kapena Ruo akukwera akhoza kuodzera, n'kudzuka patapita maola atatu wailesi ili duu, power bank ili ndi timagetsi take tonse tinayi. Ku America komweko vutoli ndi lalikulu koposa, popeza wailesi yawo ikamadikira chenjezo mwakachetechete imadya moto wochepetsetsa.

Kukweza voliyumu kapena kuyatsa tochi ya wailesi kumathandiza kuti power bank isagone, koma n'kuwononga moto, ndipo ana sagona. Ma power bank ena ali ndi njira yapadera yopangidwira mahedifoni ndi mawotchi: pa ena umadina batani kawiri motsatizana, pa ena umalisindikiza kwa masekondi angapo, kanyali n'kusintha mtundu. Yesani yanu, ndipo muone kuti imakhala maola angati, chifukwa zina zimabwerera zokha mwakale pakapita maola ochepa.

Koma njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yosavuta kuposa izi. Wailesi ikhale ndi batire lakelake lamoyo. Timawailesi tambiri ta m'misika yathu timagwiritsa batire lafulati la BL-5C, lija la mafoni akale a Nokia, kapena lozungulira la 18650 looneka ngati AA wonenepa. Onse awiri amapezeka kwa okonza mafoni ndipo kusintha kwake n'kungotsegula kachitseko kumbuyo. Batire likakhala labwino, wailesi imatunga moto wambiri potchaja, power bank sizima, ndipo ikadzazima ndiye kuti ntchito yatha, wailesi n'kupitiriza payokha. Power bank ikhale ngati mtsuko wa pakhonde, batire la wailesi ngati chikho. Mumatunga, n'kuvundikira mtsuko, n'kukamwera kwina.

Kuchita chonchi kumathetsanso vuto la phokoso. Mabatire a mkati mwa power bank ndi a 3.7V, ndipo kuti afike 5V pali kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa moto maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi. Kuphethira kumeneku kumatuluka ngati mafunde, chingwe n'kukhala ngati eriyo yake. Pa FM yamphamvu simungamve kanthu, koma pa AM, pa SW ndi pa siteshoni yakutali mumamva kulira kwa nyenje kapena kukhwekhwereza. Mukazula chingwe phokoso n'kutha, mwapeza wolakwa. Ngati simungachitire mwina koma kumvera ili yolumikiza, italikitseni power bank ndi eriyo mmene chingwe chingalolere.

Moto ulimo ndi wochuluka bwanji

Nambala yaikulu yolembedwa pa bokosi yosonyeza moto umene power bank imasunga, monga 10,000 mAh, imawerengedwa pa 3.7V ya mabatire a mkati. Kuti mudziwe mphamvu yeniyeni chulukitsani: 10,000 mAh ndi 3.7V zimapereka 37 Wh, ndiye kuti watt imodzi kwa maola 37, ndipo opanga okhulupirika amalemba nambala imeneyi kumbuyo. Pokweza kufika 5V gawo lina limatayika ngati kutentha, kotero chofika ku wailesi ndi pafupifupi 30 Wh. Kawailesi kakang'ono koyankhula mwapakatikati kamadya cha m'ma theka la watt. Mukagawa mupeza maola ngati 60, ndiye kuti masiku awiri ndi theka kosazimitsa, kapena milungu ingapo ngati mukungotsegula pa nkhani za m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsono onani foni. Batire la 5,000 mAh la mafoni amakono lili ndi pafupifupi 19 Wh. Kuidzadza kamodzi kokha kumadya magawo awiri mwa atatu a power bank yonse. Moto umenewo ukanayendetsa wailesi maola pafupifupi 40. Ndikudziwa mmene zimakhalira m'nyumba magetsi akathima tsiku lachiwiri: aliyense ali ndi foni m'manja, aliyense akuti mundibayireko pang'ono, ndipo amayi akufuna kuimbira achimwene awo ku Phalombe kuti amve ngati ali moyo. Foni n'njofunika ndithu. Koma wailesi iyambe ndiyo kudya, chifukwa imakhuta ndi zochepa. Foni imodzi yokha ipatsidwe moto, makamaka kafoni ka mabatani kaja kamene kamasunga moto masiku ambiri, ndipo data, nyimbo za pa memori ndi Bluetooth zidikire. Mawailesi akuluakulu okhala ndi sipika ya mabesi amadya kuwirikiza kangapo, kotero masamu a pamwambawa sakuwakhudza.

Pogula chenjerani ndi chikomekome cha mkuyu. Batire limodzi la 18650 labwino kwambiri silipitirira kwenikweni 3,500 mAh ndipo limalemera pafupifupi magalamu 45 mpaka 50. Power bank yeniyeni ya 10,000 mAh imalemera cha m'ma magalamu 200, ya 20,000 mAh pafupifupi kawiri kake. Kanthu kopepuka ngati bokosi la machesi kolembedwa 50,000 mAh n'kabodza. Kulemera kokha sikutsimikizanso, chifukwa achinyengo ena amaikamo mchenga. Yesani nokha: ya 10,000 mAh iyenera kudzadza foni yaikulu kamodzi n'kutsalako ndithu. Bodza la nambala silimabwera lokha. Amene wanama pa bokosi nthawi zambiri amakhala atagwiritsa mabatire akale ndi kuchepetsa zotetezera za mkati, zimene zimaletsa kudzadza mopitirira ndi kugundana kwa mawaya. Abale obwera nayo pa ndege kuchokera ku Johannesburg kapena London adziwe kuti power bank imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wapansi, ndipo malire osafuna chilolezo ndi 100 Wh, pafupifupi 27,000 mAh.

Kutentha, madzi ndi kutupa

Batire la lithium, limene lili mkati mwa power bank, ndi moto wotsekeredwa m'kachitini. Mkati mwake mbali ya + ndi ya – zalekanitsidwa ndi kapepala ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Kapepalaka kakabooka, kaya ndi kugwa, kubayidwa kapena kusungunuka ndi kutentha, mphamvu yonse imatuluka pakamodzi. Kutenthako kumabala kutentha kwina, batire limodzi n'kuyatsa linzake.

Opanga amati litchajidwe pakati pa 0 ndi 45°C. Ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala mthunzi womwe umapitirira 40°C, ndiye ganizirani za pawindo, pansi pa malata kapena pagalasi lakutsogolo la galimoto. Apa ndi pamene ma power bank okhala ndi kasola pamsana amandikwiyitsa. Kasolako n'kochepa moti kangafune masiku ambiri a dzuwa kuti kadzadze mabatire, ndipo masiku onsewo mabatirewo akuphikidwa. Sola yapayokha ya 10W kapena 20W yokhala ndi kabowo ka USB ndiyo yothandiza: sola padenga kapena pabwalo, chingwe chachitali, power bank pamthunzi.

Potchaja iikeni pa simenti, pa njerwa kapena m'mbale yachitsulo. Osati pa matiresi, pansi pa pilo, pa mulu wa zovala, pafupi ndi neti ya udzudzu, kapena kuisomeka m'denga la udzu pobisira ana. Ikhale kutali ndi mbaula ndi kandulo, ndiponso isakhale pakhomo potulukira. Musaisiye ikutchaja usiku aliyense ali m'tulo. Ena amaisiya m'soketi mwezi ndi mwezi, wailesi ili yolumikiza, kuti magetsi akathima ipitirize yokha. Ma power bank wamba sanapangidwire zimenezo: kulowetsa ndi kutulutsa nthawi imodzi kumawatenthetsa, ndipo kukhala odzadza thothotho kumawakalambitsa msanga. Amene akufuna chinthu chokhala m'soketi nthawi zonse afune chokhala ndi mabatire a LiFePO4, amene sayaka wamba ndipo amapirira kutchajidwa maulendo masauzande, pomwe wamba amayamba kufooka akadutsa 300 mpaka 500.

Power bank ikatupa, ikamagwedera mukaiika patebulo, ikang'ambika m'mphepete, ikamatentha osagwira ntchito, kapena ikamatulutsa kafungo kokoma ngati ka mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, moyo wake watha. Musaifinye kuti ibwerere, musaiboole kuti mpweya utuluke. Ikani mu mphika wadothi kapena chitini cha mchenga panja, pamthunzi, kutali ndi ana. Ndipo chonde isaponyedwe kudzala kumene timaotcha zinyalala, chifukwa imaphulika ngati mfuti n'kumwaza moto. Ikayamba kufuka utsi, tulutsani anthu poyamba popeza utsi wake ndi wapoizoni, zimitsani soketi ngati mungaifike, kenaka ikankhireni panja ndi fosholo. Madzi ambiri amaiziziritsa, bola isakhale yolumikiza ku magetsi. Ikazima musaikhulupirire msanga, imatha kuyakanso patapita nthawi.

Madzi osefukira ndi adani ena. Power bank imene yamira, ngakhale iume n'kumayaka, imakhala itayamba dzimbiri mkati, ndipo ngozi imatha kubwera patapita masiku. Kuikwirira mu mpunga sikuchotsa matope ali pa mawaya. Nyengo ya mvula isungeni m'jumbo yomanga bwino pamodzi ndi chingwe chake, m'kachigubu kotseka, pamalo okwera pamene dzanja lingafike mumdima. Musaiphatikize ndi makiyi, ndalama zachitsulo kapena misomali.

Ziphaliwali zikayamba, zulani chilichonse chimene chili m'soketi. Apa wailesi ya batire imapambana zonse chifukwa sigwirana ndi mawaya a kunja. Koma ngati munakoka waya kuchokera pa eriyo kupita pa mtengo kapena padenga kuti igwire bwino, muchotseni mvula isanafike.

Mvula isanayambe

Nyengo ya anamondwe m'dera lathu imayamba pakati pa Novembala n'kutha mu Epulo, ndipo Idai wa 2019 ndi Freddy onse anatifika mu Malichi. Power bank yongosungidwa imakhala bwino ikakhala theka, koma yodikira ngozi iyenera kukhala pafupi kudzadza. Ine ndimachita chonchi: miyezi ya chilimwe imakhala cha pakati, Novembala akafika ndimaidzadza, n'kumaiona mwezi uliwonse chifukwa imataya pang'onopang'ono ngakhale osaigwiritsa. A zanyengo akangotchula dzina la namondwe, imalowa m'soketi tsiku lomwelo magetsi akadalipo, pamodzi ndi wailesi. Mabatire otaya sindiwasiya mkati mwa wailesi, amakhala m'pepala lawo pambali, popeza akachucha amadya tizitsulo.

Ndipo mu Okutobala, kunja kukadali ng'amba, ndimasankha madzulo amodzi n'kulumikiza wailesi, chingwe ndi power bank zomwezo zimene tidzagwiritse, voliyumu yotsika ngati ya usiku, n'kuzisiya patebulo kuyambira nthawi ya chakudya mpaka nthawi yogona. Mwana wamkulu ndi amene amalumikiza, ine ndikungoyang'ana, kuti tsiku limene ndidzakhale kulibe adzadziwe chingwe chake ndi chiti. Manambala a masiteshoni atatu amene amagwira bwino kwathu tinawalemba pa kapepala n'kumata ndi selotepi kumbuyo kwa wailesi.